Injini imodzi ikazima: zomwe zimapulumutsa ndege yaing'ono ya injini ziwiri

Anthu ambiri amene amakwera ndege zing'onozing'ono amakhulupirira kuti ndege ya injini ziwiri singagwe kaamba ka kuzima kwa injini imodzi, poganiza kuti inzakeyo ipitiriza ulendo. Koma akatswiri a zamaulendo a pandege amachenjeza kuti injini yachiwiri imathandiza pokhapokha ngati woyendetsa ndege adakonzekera vutoli asadanyamuke, komanso ngati katundu wa m'ndegemo akugwirizana ndi nyengo ndi malo omwe ikunyamukira.

Malinga ndi buku lophunzitsira oyendetsa ndege la bungwe loona za maulendo a pandege m'dziko la America la Federal Aviation Administration, lomwe mwachidule limatchedwa FAA, injini imodzi ikazima ndege yotere imataya theka la mphamvu zake, koma kuthekera kwake kokwera m'mwamba kumatsika ndi magawo 80 mpaka 90 mwa magawo 100 alionse.

Nkhaniyi ikukhudzanso akuluakulu a boma ndi a mabungwe amene amachita hayala ndege zing'onozing'ono popita kumadera monga ku Likoma ndi ku Nyika, chifukwa chiwerengero cha anthu okwera, kuchuluka kwa katundu ndi nthawi yonyamukira nthawi zambiri zimachokera kwa iwo.

Mphamvu zokwerera zimatheratu

Mphamvu zambiri za injini zimathera pa kuyandamitsa ndege mumlengalenga ndi kulimbana ndi mphepo. Ndege imakwera pogwiritsa ntchito mphamvu zotsala zokha.

Zili ngati banja limene bambo ndi mayi onse ali pantchito. Ndalama zambiri zimathera ku lendi, chakudya ndi fizi, ndipo zotsalazo ndizo amasunga. Mmodzi ntchito ikamuthera, malipiro amatsika ndi theka, koma lendi ndi fizi sizitsika, kotero kuti zosunga zija zimatheratu.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi ndege ya mtundu wa Piper Seminole, yokwera anthu anayi, yomwe masukulu ambiri a oyendetsa ndege amaphunzitsira. Ndegeyi imaloledwa kunyamuka ikulemera makilogalamu osaposa 1,724. Ikanyamuka itadzaza pabwalo lomwe lili pa mulingo wa nyanja yamchere, imakwera mamita pafupifupi 400 pa mphindi iliyonse injini zonse zikamagwira ntchito. Ndi injini imodzi imakwera mamita 65 okha pa mphindi, ndipo izi zimatheka woyendetsa akachita zonse molondola.

Malamulo akale a dziko la America, omwe ndege zambiri za mtundu umenewu zidavomerezedwera, sankakakamiza ndege iliyonse ya injini ziwiri kuti izitha kukwera ndi injini imodzi. Ndege yolemera makilogalamu osaposa 2,722, yomwe imathanso kuyandama pa liwiro lotsika la makilomita 113 pa ola kapena kucheperapo, opanga ake ankangofunika kuyeza ndi kulemba mmene imachitira ndi injini imodzi pa mamita pafupifupi 1,500, ngakhale zotsatira zake zitaonetsa kuti imatsika. Malamulowa adalembedwanso mwatsopano m'chaka cha 2017, koma ndege zambiri zomwe zidavomerezedwa pa malamulo akalewo zikuulukabe.

Kutentha ndi kukwera kwa malo

Mpweya umapepuka malo akamakwera, ndipo umapepukanso kukatentha. Mu mpweya wopepuka injini imapereka mphamvu zochepa, pulopela imakoka pang'ono ndipo mapiko amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule ndege.

Piper Seminole yodzaza ikafika pa mamita pafupifupi 1,160 ndi injini imodzi, imakhala ikukwera mamita 15 okha pa mphindi. Koma bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mamita pafupifupi 1,230, kutanthauza kuti ndege yotere imakhala itadutsa kale malire amenewa isadachoke n'komwe pansi.

M'mwezi wa Okutobala, kutentha kukafika madigiri 30, injini ndi mapiko zimagwira ntchito pabwaloli ngati kuti ndegeyo ili pa mamita pafupifupi 2,000. Bwalo la Chileka lili mmunsi, pa mamita pafupifupi 780, koma la Chelinda pa Nyika lili pamwamba kuposa mamita 2,000, pomwe la O. R. Tambo ku Johannesburg lili pa mamita pafupifupi 1,690.

Ndege zokhala ndi injini za turbocharger kapena za turboprop zimapirira bwino pamalo okwera, komabe nazo zili ndi malire ake, omwe amalembedwa m'buku la ndege iliyonse. Woyendetsa amayenera kuwerengera malirewo pa ulendo uliwonse, poona kulemera kwa ndege, kutentha kwa tsikulo ndi kukwera kwa bwalo.

Ndege imapotokera ku injini yakufa

Kuchepa kwa mphamvu si vuto lokhalo. Popeza injini zili pa mapiko, imodzi kumanzere ina kumanja, imodzi ikazima inzakeyo imakoka mbali imodzi yokha. Alimi amene amayendetsa ngolo amadziwa zimenezi: ng'ombe imodzi ikaima inzake n'kumakokabe, ngolo imapotokera mbali ya ng'ombe yomwe yaimayo.

Ndege nayo imapotokera mbali ya injini yakufa. Phiko la mbali imeneyo limatsika chifukwa lasiya kulandira mphepo yochokera ku pulopela, ndipo pulopela yakufayo ikamangozunguzidwa ndi mphepo imakhala ngati buleki yamphamvu.

Pofuna kuongola ndege, woyendetsa amaponda chopondera chomwe chimatembenuza chiongolero cha kumchira. Chiongolerochi chimadalira mphepo yomwe ikuchiomba, choncho liwiro likamatsika nachonso chimafooka. Pali liwiro lina limene ndege ikatsika kupitirira pamenepo, chiongolerocho chimagonja, ndipo ndege imapotoka n'kugadabuzika.

Pachida choonetsa liwiro, malire amenewa amaonetsedwa ndi mzere wofiira. Pa Piper Seminole mzerewu uli pa makilomita pafupifupi 104 pa ola. Liwiro likayandikira mzere wofiira ndege n'kuyamba kupotoka, njira yokhayo yoipulumutsira ndiyo kuchepetsa moto wa injini yamoyo ndi kutsitsa mphuno ya ndege kuti liwiro libwerere. Izi n'zovuta kwa munthu amene akuona mitengo ikuyandikira, chifukwa mantha amamuuza kuti akweze mphuno.

Pachida chomwecho pali mzere wina wabuluu, womwe umaonetsa liwiro limene ndege imakwera bwino koposa ndi injini imodzi. Pa Piper Seminole mzerewu uli pa makilomita pafupifupi 163 pa ola. Ngati ndege singathe kukwera, liwiro lomweli ndilo limachititsa kuti izitsika pang'onopang'ono kwambiri.

Pa ndege zambiri mapulopela onse awiri amazungulira mbali imodzi, molondola mmene iyendera mivi ya wotchi munthu akaima kumbuyo kwa ndege. Pa ndege zotere kuzima kwa injini ya kumanzere n'koopsa kwambiri, chifukwa ndege ikamakwera tsamba la pulopela lomwe likutsika ndilo limakoka kwambiri, ndipo pa injini ya kumanja tsamba limeneli lili kutali ndi thupi la ndege. Opanga ndege monga Piper Seminole ndi Beechcraft Duchess adathetsa kusiyanaku pozunguza mapulopela mosemphana.

Ndondomeko yomwe woyendetsa amatsata

Masukulu a oyendetsa ndege amaphunzitsa ndondomeko yomwe imayenera kulowezedwa pamtima, chifukwa pa masekondi oyambirira sipakhala mpata wotsegula buku.

Choyamba ndi kugwira ndege: kuponda chopondera kuti mphuno ilunjike, ndi kusunga liwiro pa mzere wabuluu. Kenaka woyendetsa amakankhira kutsogolo zogwirira zonse za injini ziwirizo kuti apeze mphamvu zonse zomwe zilipo, ndipo amapinda matayala ndi mafulapu, omwe ndi zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimatsitsidwa ponyamuka ndi potera, pofuna kuchepetsa zonse zomwe zimagwira mphepo.

Akatero amafufuza injini yomwe yafa. Njira yodalirika ndi ya mapazi: phazi lomwe likulimbana ndi chopondera lili mbali ya injini yamoyo, ndipo phazi lomwe langokhala lili mbali ya injini yakufa. Zida zoonetsa mmene injini ikuzungulirira zimatha kunamiza, popeza pulopela yozunguzidwa ndi mphepo imaoneka ngati ikugwirabe ntchito.

Asadazimitse chilichonse, woyendetsa amatsimikiza pobweza pang'onopang'ono chogwirira cha moto cha injini yomwe akuikayikirayo. Ngati palibe chomwe chasintha, ndiye kuti walondola. Ngati ndege yapotokanso kapena phokoso latsika, ndiye kuti wagwira injini yamoyo ndipo ayenera kubwezeretsa moto nthawi yomweyo.

Akatsimikiza, amatembenuza masamba a pulopela yakufayo kuti aloze mphepo ndi m'mphepete mwake, monga mmene msodzi amatembenuzira nkhafi kuti idutse m'madzi mosakoka. Pulopelayo imaima ndipo buleki ija imatha. Pa ndege zambiri izi ziyenera kuchitika pulopela isadatsike kufika pozungulira maulendo pafupifupi 800 pa mphindi, chifukwa pamenepo timapini tina timatseka masambawo.

Pomaliza amapendeketsa ndege pang'ono, madigiri awiri kapena atatu, kuloza ku injini yamoyo. Ndege yomwe mapiko ake ali chimodzimodzi pa nthawi yotereyi imauluka chammbali ngati nkhanu, zomwe zimadya mphamvu zochepa zomwe zatsala ndipo zimakweza malire a mzere wofiira uja. Zonsezi zikatha m'pamene amawerenga mndandanda wa zoyenera kuchita, kudziwitsa oyang'anira mlengalenga ndi kulunjika ku bwalo loyenera lomwe lili pafupi.

Ngozi zomwe zidasiya phunziro

Malipoti a ngozi akuonetsa kuti kulakwitsa pa ndondomekoyi kwaphetsa anthu ngakhale m'ndege zikuluzikulu zomwe zikadatha kuuluka bwinobwino ndi injini imodzi.

Pa 8 Januwale 1989, ndege ya kampani ya British Midland ya mtundu wa Boeing 737-400, yomwe imachokera ku London kupita ku Belfast, idathyoka tsamba lina mkati mwa injini ya kumanzere. Oyendetsa adazimitsa injini ya kumanja, yomwe idali yabwinobwino. Kunjenjemera kwa ndege kudachepa, ndipo iwo adaganiza kuti alondola. Atatsala pang'ono kutera pabwalo la East Midlands, injini yoonongekayo idafa, ndipo ndegeyo idagwera m'mbali mwa msewu waukulu wa M1 pafupi ndi mudzi wa Kegworth. Anthu 47 mwa anthu 126 adamwalira.

Ofufuza adapeza kuti anthu ena okwera adaona malawi a moto pa injini ya kumanzere ndipo adamva woyendetsa akulengeza kuti wazimitsa ya kumanja, koma uthengawu sudafike kwa oyendetsawo.

Pa 4 Febuluwale 2015, ndege ya TransAsia Airways ya mtundu wa ATR 72 itangonyamuka mumzinda wa Taipei ku Taiwan, injini ya kumanja idasiya kukoka. Woyendetsa adachepetsa moto wa injini ya kumanzere kenaka n'kuizimitsa. Ndegeyo idagwera mumtsinje wa Keelung ndipo anthu 43 mwa anthu 58 adamwalira.

Pa 30 Juni 2019, ndege ya mtundu wa Beechcraft King Air 350 itangonyamuka pabwalo la Addison m'chigawo cha Texas ku America, mphamvu za injini ya kumanzere zidatsika. Bungwe lofufuza ngozi la National Transportation Safety Board lidapeza kuti poyamba woyendetsa adaponda chopondera cha kumanzere mmalo mwa cha kumanja. Ndegeyo idagadabuzika n'kuomba nyumba yosungiramo ndege pasadathe mphindi imodzi chinyamukireni, ndipo anthu onse khumi adamwalira.

Pa ngozi zitatu zonsezi injini imodzi idali yamoyo pamene vuto limayamba. N'chifukwa chake aphunzitsi a oyendetsa ndege amatsindika kuti mapazi achite changu pogwira ndege, koma dzanja lidekhe pozimitsa injini. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chiganizo chimapangidwa ndege ili pansi

Nthawi yoopsa koposa ndi yonyamuka, pamene ndege ili yolemera, ili pafupi ndi nthaka, liwiro lili lochepa ndipo injini yamoyo ikukoka ndi mphamvu zake zonse.

Kaamba ka ichi, woyendetsa asadalowe mumsewu wa ndege amayenera kudziwa mtunda umene ndege ingafune kuti ithamange kufika pa liwiro lonyamukira kenaka n'kuima, komanso ngati ingathe kukwera ndi injini imodzi pa tsikulo. Bungwe la FAA limalangiza kuti ngati opanga ndege sadalembe liwiro lonyamukira, ndege isachoke pansi isadapitirire mzere wofiira ndi makilomita pafupifupi 9 pa ola.

Injini ikazima ndege ikuthamangabe pansi, woyendetsa amatseka moto wa injini zonse ziwiri n'kuima. Ikazima ndege itangodzuka matayala asadapindidwe, bungweli limalangiza kutseka moto wa injini zonse ndi kutera kutsogolo, ngakhale msewu utaoneka kuti uthera panjira. Kupitiriza ulendo n'koyenera pokhapokha matayala atapindidwa, liwiro litakwana ndipo mawerengero adaonetsa kale kuti ndegeyo ikwera.

Ngati ndege ikukana kukwera, woyendetsa amasankha malo abwino omwe ali kutsogolo, kaya ndi dambo kapena munda, n'kutera ndege ili m'manja mwake. Anthu amapulumuka kawirikawiri ndege ikatera chotere kusiyana ndi pamene yagadabuzika poyesa kuikakamiza kukwera kapena kuitembenuza kuti ibwerere pabwalo.

Injini ikazima ndege ili kale m'mwamba, mpata umakhalapo. Apa m'pamene phindu la injini yachiwiri limaonekera, makamaka pamwamba pa nyanja, usiku kapena m'mitambo. Woyendetsa amatha kufufuza ngati vuto ndi la mafuta, popeza injini zambiri zimazima kaamba ka thanki youma, kusankha thanki yolakwika kapena madzi m'mafuta. Ndege zambiri zili ndi njira yopatsira injini yamoyo mafuta a m'thanki ya phiko linalo.

Komabe ndege yomwe ili pamwamba kuposa pomwe injini imodzi ingaisunge imatsika pang'onopang'ono mpaka itafika pa mulingo umene ingakwanitse. Choncho njira yodutsa pamwamba pa Viphya, Nyika kapena pafupi ndi phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, imayenera kukonzedwa moganizira kothawira.

Potera ndi injini imodzi, woyendetsa satsitsa mafulapu onse mpaka atatsimikiza kuti afika pamsewu wa ndege. Ndege zambiri zing'onozing'ono sizingathe kudzukanso ndi injini imodzi matayala ndi mafulapu zitatsitsidwa, kotero mwayi wotera umakhala umodzi wokha.

Udindo wa ochita hayala ndege

Zambiri mwa zomwe zatchulidwazi zili m'manja mwa woyendetsa, koma kulemera kwa ndege ndi nthawi yonyamukira zimakhudza mwachindunji maofesi amene amakonza maulendo.

Ofesi yochita hayala ndege iyenera kupereka chiwerengero choona cha anthu ndi kulemera kwenikweni kwa katundu nthawi idakalipo. Munthu mmodzi woonjezera pa mphindi yomaliza, kapena makatoni a zikalata omwe sadayezedwe, angathe kuchotsa mphamvu zochepa zomwe ndege ikadakwerera ndi injini imodzi.

Woyendetsa akanena kuti katundu wina atsale, kuti munthu wina adikire ulendo wachiwiri kapena kuti ndege inyamuke m'mamawa kusadatenthe, chiganizo chake chiyenera kulemekezedwa posayang'ana udindo wa okwerawo. Malinga ndi malamulo a maulendo a pandege a mayiko onse, woyendetsa wamkulu ndiye ali ndi mawu otsiriza pa chitetezo cha ndege.

Malo okhala m'ndege nawonso si nkhani ya ulemu kapena udindo. Katundu akachuluka kumbuyo, chiongolero cha kumchira chimachepa mphamvu ndipo ndege imagonja msanga injini imodzi ikazima. Okwera ayenera kukhala pomwe awauza.

Posankha kampani, ofesi ili ndi ufulu wofunsa chiphaso chonyamulira anthu chochokera ku bungwe loona za maulendo a pandege, lomwe m'dziko muno ndi Malawi Civil Aviation Authority, komanso kufunsa kuti oyendetsa ake adayesedwa liti pa kauluzidwe ka ndege ndi injini imodzi. Luso limeneli limazilala likapanda kubwerezedwa. Maphunziro ake amachitika ndi mphunzitsi kapena pa makina oyerekezera ndege, ndipo FAA imalangiza kuti kuzimitsiratu injini pophunzira kuzichitika pa mamita osachepera 900 kuchokera pansi.

M'ndege zing'onozing'ono okwera amakhala pafupi ndi woyendetsa. Pa nthawi yonyamuka ndi yotera sayenera kumuyankhulitsa nkhani zina, koma amene waona utsi, moto kapena mafuta akutayika pa injini ayenera kunena mwachidule, ndi kutchula momveka bwino ngati ndi kumanzere kapena kumanja.

Bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la International Civil Aviation Organization, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada ndipo Malawi ndi membala wake, limati cholinga chofufuza ngozi za ndege ndicho kupewa ngozi zina osati kuloza munthu chala. Ngozi ya ku Kegworth itachitika, makampani a ndege adalimbikitsa maphunziro othandiza oyendetsa ndi ogwira ntchito m'chipinda cha okwera kuti azipatsana uthenga pa nthawi ya mavuto, ndipo maphunzirowa ndi gawo la ntchito yawo kufikira lero.